Phula pa Boneti ya a Ravna

A Ravna, mkazi wa malemu achimwene anga, analowa m'galaja mwanga Lachiwiri m'mawa atanyamula sikelo ya kubafa. Moni sanapereke. Anaiika pansi pakati pa matayala akale, n'kundiuza kuti ndituluke ndikawathandize kumasula boneti ya njinga yawo yamoto yoyenda pa chipale, imene anali ataiimika pakhomo penipeni ngati bwalolo ndi lawo.

Chimene chinawabweretsa ndinkachidziwa kale, chifukwa ku Kautokeino kuno, kumpoto kozizira kumene chipale chimakuta dziko, nkhani siigona panjira. Masabata awiri m'mbuyomo, akusaka mphalapala zoweta zisanu zimene zinapatuka pa msambi, njinga yawo inatitimira m'khwawa lina la mitengo yoyera, kumene chipale chimakhala chofewa mpaka m'chiuno. Anakumba, anapondaponda, koma pofuna kunyamula mphuno ya njingayo kuti ailozetse kotulukira, msana unakana. M'khwawamo foni siigwira. Anakoleza moto n'kukhala pansi maola asanu, mpaka mwana wawo Aile anawapeza potsata njira imene njingayo inasiya.

Aile ndiye akutsogolera msambi wa banja lathu chimwalirireni achimwene. Iye sanawakalipire mayi akewo ndipo sanawaletse kanthu, poti kwathu kuno munthu wamkulu sauzidwa zochita. Anangodikira tsiku lina akumwa khofi, n'kunena maso ali pazenera kuti chaka chino m'galimoto ya bambo aang'ono muli malo, ndipo msewu wa kunyanja aukonza bwino. A Ravna anayankha kuti khofiyo wachepa mphamvu. Anamvana bwino lomwe. Kumapeto kwa Epulo, msambi ukamadzanyamuka kudutsa mapiri kupita ku msipu wa kunyanja, ulendo wa masiku khumi, iwo adzakwera galimoto pamodzi ndi ine ndi mabokosi a ziwiya. Lamulo lake ndi lakale ndipo silinalembedwe paliponse. Amene sangathe kuzula yekha njinga yake m'chipale satsata ziweto, chifukwa aliyense wobwerera kukamuthandiza amasiya mbali imodzi ya msambi yopanda munthu.

A Ravna anali atayenda ulendo umenewu zaka makumi anayi ndi zitatu osaphonyapo, kawiri ali oyembekezera.

Titamasula bonetiyo, anainyamula n'kukwera nayo pa sikelo, kenako anakweranso opanda kanthu atandilamula kuti ndiyang'ane kukhoma. Anawerengera pa zala n'kulengeza kuti chipulasitikicho pamodzi ndi galasi ndi nyali yake chikulemera makilo khumi ndi limodzi, onse ali pamphuno penipeni, pamene munthu amanyamula. Ndiye anandifotokozera zimene anaona pomwetsera mafuta. Anyamata ena a ku Sweden, aja amakwera mapiri pongofuna kusangalala, anali ndi njinga imene boneti yake inali timapaipi tokutidwa ndi neti, moti injini inkaonekera mkati. Anawafunsa, iwo n'kunena kuti amaitanitsa ku Canada, koma zimangokwana pa njinga zatsopano. Ya a Ravna inali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Ndinawauza kuti makilo khumi sabwezera munthu zaka makumi awiri.

"Sindinabwere kudzafunsa zaka zanga, alamu, ndimazidziwa," anatero. "Mapaipi muli nawo kapena mulibe?"

Ndinali nawo. Chiyambireni kundivuta chiuno, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ntchito yanga ndi yowotcherera ndi kukonza zinthu za anthu amene akadali ndi kopita. Ndinatsitsa mapaipi a aluminiyamu a tenti yakale, ndinawathira mchenga mkati kuti asapinimbire popinda, n'kuyamba kuwapinda mozungulira chitsa potsata maonekedwe a boneti yakale. Zinanditengera masiku atatu, ndipo awiri oyambawo ndinkatukwana. A Ravna ankakhala pa chigubu akundiuza kuti mbali ya kumanzere yapotoka, ndipo chimene chinkandinyansa n'choti nthawi zonse ankanena zoona. Neti tinakagula ku tauni ya Alta, ija yolimba imene anthu amatchingira khonde kuti udzudzu usalowe, yoti ngakhale galu sangaing'ambe. Pobwerera ndinawafotokozera kuti netiyo ili ndi ntchito ziwiri. Ndi yopepuka, inde, komanso injini ya njinga yawo imazizira ndi mpweya, choncho mabowowo ndiwo mphuno zake. Anagwedeza mutu, koma maso anali pa netiyo, akuipinda ndi kuikoka ngati mmene amayesera chikopa.

Anatenga mapaipi aja ndi neti kupita nazo kwawo kukasoka. Apa ndiyenera kunena kuti pa nkhani ya singano, a Ravna alibe mnzawo kuchokera kuno mpaka ku Karasjok. Nsapato zachikopa zimene asoka iwo munthu amaima nazo m'dambo tsiku lonse masokosi osanyowa. Akazi amene amadzitama ndi zosokasoka akamva kuti kuukwati kubwera a Ravna, amabisa mapazi pansi pa tebulo.

Patapita masiku anayi anabwera nayo, ndipo fungo linayamba kulowa iwo asanalowe. Msoko wake unali wokongola, wothinana, wopanda polowa nsonga ya singano. Koma neti imene inapita yotuwa inabwerako yakuda bii, yonyezimira. Anali ataipaka phula la mtengo losakaniza ndi mafuta a nsomba, lomwe lija amapaka nsapato za m'chilimwe, katatu konse, akuiumitsa pafupi ndi mbaula. Ndinaikweza kuloza ku zenera. Kuwala sikunadutse ngakhale pang'ono.

"Chinthu chochoka m'manja mwanga sichilowa madzi," anatero, nkhope ikuwala ndi kunyada.

Ndinaitsitsa n'kuiika pansi. Ine Lemet, amene batani la malaya limandigonjetsa, ndiuze a Ravna za kusoka? Ndinadzinamiza kuti likazizira phulalo lisweka lokha, mabowo n'kutseguka. Ndinadzinamizanso kuti mpweya uzilowera pansi. Zoona zake n'zoti ndinachita mantha, komanso anali asanamwetulirepo choncho chichitikireni za m'khwawa zija. Tinaiyeza n'kupeza makilo atatu. Ndinaimangirira pa njinga, n'kuikapo kanyali kakang'ono, mawu ndikumeza.

Lamlungu tinanyamuka kupita ku msambi, kumene Aile ndi asuweni ake awiri ankathira ziweto chakudya cha m'matumba, chifukwa chaka chimenecho pansi panali pataundana ndipo mphalapala zinkalephera kufukula ndere zimene zimadya. Ine ndinkatsata pambuyo pang'onopang'ono, chiuno chikundikumbutsa dzenje lililonse. Pachidikha zonse zinali bwino. A Ravna ankakhotetsa njinga uku ndi uku ngati mtsikana, ndipo kawiri anatembenuka kundikodola kuti ndifulumire. Vuto linayamba pa chitunda chachitali chokwera kumsasa. Ndinayamba kumva fungo la phula lotentha, kenako ndinaona utsi wabuluu ukutuluka m'mbali mwa boneti. Ndinakuwa, koma pa njinga munthu samva mnzake. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima, patangotsala mapazi zana kuti afike pamene anthu anaima.

Onse anaona. Aile anatsika wapansi, anatsegula bonetiyo, phula likudontha pa chipale. Anaikhudza ndi chala, ananunkhiza, n'kuyang'ana ine, osati mayi ake. Anabwerera kukatenga njinga yake ndi chingwe, n'kumangirira ya mayi ake kumbuyo. A Ravna anakhala pampando ali chowongoka, manja pa zogwirira, akukokedwa ndi mwana wawo kudutsa pamaso pa asuweni aja, amene mwadzidzidzi anapeza chochita ndi matumba opanda kanthu. Ndaona zinthu zambiri zomvetsa chisoni m'mapirimu, koma tsiku limenelo manyazi anandigwira mpaka m'mafupa, chifukwa chingwe chimenecho ndinachimanga ndine ndi kukhala chete kwanga.

Injini inapulumuka. Ndinasintha lamba wa injini amene anapsa ndi tizinthu tina, ndipo Lachitatu inali ikulira bwinobwino. Koma mwini wake sanabwere kudzaitenga. Lachisanu ndinapita kwawo ndipo ndinawapeza pakati pa mabokosi, akukulunga makapu m'manyuzipepala. Anandithirira khofi, anandidulira nyama youmitsa, n'kundifunsa mwaulemu kwambiri kuti m'galimoto mwanga mumalowa mabokosi angati. Ulemu umenewo unandiopsa kuposa kukalipa kwawo konse.

Ndinawauza zonse. Ndinati phulalo ndinaliona, ndinadziwa chimene lichite, ndipo ndinakhala chete.

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Munaona ndi maso anu, n'kundisiya ndipite?"

"Ndinaopa, alamu."

"Munaopa ine kuposa kuti injini ipse?"

"Injini siiyankha," ndinatero.

Sanaseke. Anandikumbutsa kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo anawonjezera mawu ena okhudza nzeru za amuna a banja lathu, kuyambira agogo athu, amene sindiwalemba pano. Ndinawalandira onse chifukwa anali anga. Atatha, anati zilibe kanthu tsopano, mwana waona zimene amafuna kuona, ndipo munthu ayenera kudziwa nthawi yotsika.

Pamenepo ndi pamene inenso ndinapsa mtima, ndipo ndinanena zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinawauza mmene ulendo wa pagalimoto umakhalira. Umanyamuka utadya kadzutsa, pofika masana uli kunyanja, ndipo ulendo umene unkakupanga kukhala munthu watha usanamalize kumvera nkhani za pa wailesi. Kenako umakhala masiku khumi pazenera la kanyumba ka kugombe, ukuyang'ana phiri. Msambi ukafika, anthu amalowa nkhope zitapsa ndi dzuwa, akuseka za mtsinje umene unawavuta, za mphalapala imene inathawa, ndipo iwe umaseka nawo koma sunaliko. Chaka choyamba amakufotokozera. Chaka chachitatu amaiwala. Ndinati ine chiuno changa chinatha ndipo palibe neti imene ingachikonze, koma iwo chimene chawatsekereza ndi chitini cha phula basi, ndiye ngati akufuna kukwera galimoto yanga chifukwa cha chitini, akwere, koma asayembekezere kuti ndiziwayankhula panjira.

Anasalaza nyuzipepala pa bondo. Kenako anafunsa ngati ku Alta neti ija ikadalipo. Ndinati ili m'galimoto panjapo, ndinagula dzulo. Anandiyang'ana, n'kunena kuti ndine munthu wachipongwe, ndipo anapita kukatenga singano.

Yachiwiriyi anasokera m'galaja mwanga kuti ndiziona manja awo. Sinali ntchito yapafupi kwa iwo. Ankati zaka makumi asanu akhala akutseka mabowo, ndiye lero munthu wowotcherera zitsulo akuwauza kuti mabowo ndi abwino. Koma panali mfundo imodzi imene sanaisiye, ndipo apanso ankanena zoona. Chipale chofewa chija chikalowa pa neti chimasungunuka pa injini, madzi n'kugwera pa lamba, lamba n'kuyamba kuterera, njinga n'kumangolira osayenda. Iwo anamangirira boneti isanathe, anakalowa nayo m'chigwa cha kuseri kwa nyumba kumene chipale sichinapondedwe, anazungulira katatu, n'kubwera kudzatsegula. Tinaweramira mkati tonse awiri. Chipale chinali chitaunjikana malo awiri okha, kumanzere pafupi ndi lamba ndi pansi pa mphuno. Anajambula malowo ndi choko, anadula tizigamba tiwiri ta nsalu ya tenti, n'kusokerera pomwepo pokha. Kwina konse anasiya poyera, ngakhale ndinkaona kuti zala zikuwayabwa.

Atamaliza anaikweza okha kuloza ku zenera, kuwala n'kudutsa n'kuwajambula timadontho pankhope. Anati ndi ntchito yonyansa kwambiri imene anagwirapo, ndipo ndikadzauza munthu kuti anasoka ndi iwo adzandikana pagulu.

Masabata anayi otsatira ankapita ku msambi tsiku lililonse ndipo njinga sinatenthenso. Aile ankaona, koma mawu ake aja sanawabweze. Kuyenda bwino kwa njinga sindiko kunali pa mlandu, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo. Panalibenso amene akanati tiyeni tikakwirire njinga m'chipale tione ngati amayi angaizule. Zimenezo ndi za ana asukulu. Choncho masiku ankangotha, dzuwa likuchedwerachedwera kulowa, ndipo mabokosi aja anakhalabe pakona pa chipinda chawo, osamasulidwa komanso osamangidwa.

Pakati pa Epulo anayamba kusonkhanitsa ziweto zosochera kukonzekera ulendo. Tsiku lina ndinakwera ndi zigubu ziwiri za petulo kukapereka pa chitunda chimene chimayang'ana zigwa zitatu. Ndinapeza Aile ali yekha, ataima pa njinga yake, magalasi oonera patali ali m'maso. Anati kumunsi, m'chigwa cha pakati, muli mphalapala zisanu ndi ziwiri, ndipo amayi apita kukazitsata. Inali nthawi ya masana, dzuwa litafewetsa chipale, pamwamba pooneka polimba koma pansi pali phala. Ndinaona kadontho kakuda kakuyenda pakati pa mitengo, kakukhota kuti kazungulire ziwetozo. Kenako kanaima, ndipo kulira kwa injini kumene kunkatifika mochedwa kunakwera n'kuzima.

Aile anandipatsa magalasiwo. Njinga inali itatitimira mpaka pampando, mphuno italoza m'mwamba pang'ono, kutsogolo kwake kuli mtengo. Pamene ndinkawachotsa m'maso n'kuti iye ataliza kale njinga yake.

Ndinaika dzanja pa chogwirira chake. Si khalidwe lathu, ndipo anandiyang'ana ngati ndamumenya mbama. Ndinamuuza kuti akatsika chitunda chimenechi ndiye kuti wawakweza galimoto mayi ake, ndipo sadzatsikamonso.

"Bambo aang'ono, inu simukudziwa," anatero. "Tsiku lija, maola asanu athunthu, sindinkadziwa ngati ndikadali ndi mayi. Bambo ndinawapeza chimodzimodzi, potsata njira ya njinga."

Ndinkadziwa, chifukwa tsiku limene anapeza mtembo wa bambo akewo ndinali kumbuyo kwake. Ndinamuuza kuti lero ndi losiyana, tikuwaona, dzuwa lili pamutu, ndipo kutsika ndi mphindi zisanu zokha. Ndinamupempha ola limodzi. Likatha, nditsika naye ndi chiuno changa chomwechi, ndipo sindidzatchulanso nkhani imeneyi. Anayang'ana kumunsi nthawi yaitali, kenako anazimitsa injini.

Tinkalandizana magalasiwo. A Ravna sanapupulume. Anamasula katundu yense wa kumbuyo, chigubu, chingwe, nkhwangwa, n'kumuika pambali. Anatenga fosholo n'kuyamba kukumba, poyamba kutsogolo, kenako m'mbali, kenako anagona chammimba n'kumakokolola chipale cha pansi pa njinga ndi manja. Atatha anayamba kuponda njira yotulukira, kupita ndi kubwerera, akumira mpaka m'ntchafu, mpaka malowo analimba. Mphindi makumi awiri ndi zisanu zinathera pamenepo. Ndiye anakhala pansi pa chigubu, mutu uli pa mawondo, osagwedezeka.

Aile anati atopa, agwa, tiyeni. Ndinati akupuma. Sindinkadziwa ngati ndikunena zoona, ndipo mtima wanga unali m'mwamba kuposa wake, koma dzanja sindinalichotse pa chogwirira.

A Ravna anadzuka. Anapita kutsogolo kwa njinga, anapinda mawondo, n'kugwira chitsulo cha pamphuno. Ulendo woyamba njinga sinasunthe. Anaimirira, anagwira msana, anapondanso pamene aimepo. Ulendo wachiwiri mphuno inakwera n'kugwera cha kumanja, mwina utali wa chikhatho chimodzi. Sanayese kumaliza zonse nthawi imodzi ngati mmene timachitira amuna, n'kuthyoka. Ankanyamula, kusuntha chikhatho chimodzi, kupuma, kunyamulanso. Aile anali akuwerenga chapansipansi osadziwa kuti akutero. Pa ulendo wachisanu ndi chinayi mphuno inali italambalala mtengo n'kuloza pa njira yopondedwa ija. Sanakwere. Analiza injini ataima pambali, anaipatsa moto pang'onopang'ono akuyenda nayo, ndipo njinga inagwedezeka, inakwawa, n'kutuluka m'dzenjemo n'kukaima pamalo olimba.

Ndinayang'ana wotchi. Zinali mphindi makumi asanu ndi ziwiri. Aile anali atakhala pansi pa chipale, chipewa atachikokera kumaso, mapewa akugwedezeka. Inenso maso anga sankaona bwino, ndipo sindinamizira mphepo.

Tinkaganiza kuti abwera molunjika kwa ife, koma ayi. Anamangiriranso katundu wawo bwinobwino n'kupitiriza kutsata zimene anapitira. Panatha pafupifupi ola lina tisanaone mphalapala zisanu ndi ziwiri zija zikukwera chitunda mondondozana, iwo ali pambuyo. Aile anapukuta nkhope, anabisa magalasi m'jekete, n'kuyamba kuthira petulo m'njinga imene inali yodzaza kale. Ine ndinakoleza kamoto ndi kuteleka khofi.

A Ravna anafika nkhope ili psuu, tsitsi litamatirira pamphumi ndi thukuta. Potsika anagwirira mpando kanthawi asanaongoke. Ndinawapatsa kapu ya khofi. Anati zisanu ndi ziwiri zija zonse ndi zathu, ziwiri ndi zabere, ndipo imodzi ikutsimphina mwendo wakumbuyo. Za dzenje sanatchule, ife sitinafunse.

Aile anatseka chigubu, anapukuta manja, n'kuyang'ana ku mapiri a kumpoto.

"Amayi, ndimaganiza zoti tinyamuke Lolemba," anatero. "Inu mukuona bwanji?"

A Ravna anamwa khofi kaye. Anati Lolemba ayi, chipale ndi chofewa kwambiri, zabere zimira, adikire mphepo ya kumpoto iumitse pamwamba, mwina Lachinayi. Aile anati Lachinayi mtsinje wachiwiri ukhala utayamba kusungunuka. Iwo anati ukawolokera kumtunda kwa miyala itatu ija susungunuka mpaka Meyi, bambo ake ankadziwa zimenezo, iye yekha ndi amene amakonda njira zachidule. Anakangana choncho kwa kanthawi, akujambula mitsinje pa chipale ndi kamtengo, ine atandiiwaliratu.

Kenako Aile anafunsa, maso ali pa zojambulazo, "Ndiye inu mukhala kutsogolo, kapena kumbuyo ndi zabere?"

"Kumbuyo," anatero a Ravna. "Iwe umazithamangitsa." Anandibwezera kapu, n'kuwonjezera kuti tsiku lina tikafuna kuonerera munthu akugwira ntchito tiziphimba magalasi ndi dzanja, chifukwa amanyezimira padzuwa mpaka kuchigwa.

Aile anaseka, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo anabisa nkhope pa phewa la mayi ake. A Ravna anamusisita kumsana, akumuuza kuti asiye, anyowetsa jekete.

Ananyamuka Lachinayi. Ine ndinapakira mabokosi Loweruka, ndinaika ena pampando wakutsogolo poti panalibe wokhalapo, n'kuuyamba wa kunyanja ndili ndekha. Zaka zonsezi msewu umenewu ndinkauyenda ndi chinthu cholemera pachifuwa. Ulendo uno ndinatsitsa galasi ngakhale kunkazizira, ndipo pamene msewu umayandikira mapiri ndinaima n'kutuluka. Sindikanawaona, anali kutali mtunda wa masiku awiri kuseri kwa zitunda. Ndinaimabe pomwepo ndikuyang'ana komweko, ndili wosangalala ngati ndili nawo, mpaka lole ina inandiimbira hutala kuti ndatseka njira.